MKAZI AMENE ANAIMA PA KHOMO

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mkazi wina wa dziko la Holland, dzina lace Betty Stöve, amene nchito yace inali kusewera mpira wa tenisi. Anthu ambiri odziwa masewerawa akamva dzina limeneli amakumbukira cinthu cimodzi cokha, ndico cakuti m'caka ca 1977, pa mpikisano waukulu wa ku Wimbledon, mkaziyu anafika pa masewera otsiriza atatu, nagonja pa onse atatu. Zimenezo nzoona ndithu. Koma kuyesa moyo wonse wa munthu ndi mlungu umodzi wokha kuli ngati kugamula mlandu mutamva mboni imodzi. Cotero ndikupemphani kuti muchere khutu, timve mbiri yonse, ndipo pomaliza pace muweruze nokha.

Poyamba ndifotokoze pang'ono za masewerawo, pakuti ena a inu munangowaona podutsa, osadziwa malamulo ace. Bwalo la tenisi ndi lalitali mapazi 78, ndipo pakati pace amamangapo ukonde wa msinkhu wa mapazi 3. Wosewera aliyense amagwira comenyera cokhala ndi mpini ndi nsinga zolukana, cimene amacicha raketi, namenya naco kampira kakang'ono kuti kaoloke ukonde ndi kugwa m'kati mwa malire a mnzace. Mpira ukagunda pansi kawiri mnzaceyo asanaubweze, kapena akaubweza koma nugwa kunja kwa malire, kapena nukodwa mu ukonde, iye waluza pamenepo. Wopambana kanai, ndi kumsiya mnzace kumbuyo kawiri, watenga gemu imodzi. Wotenga magemu 6, ndi kumsiyanso mnzace kumbuyo ndi magemu awiri, watenga seti. Ndipo pa masewera a akazi, amene wayamba kutenga maseti awiri ndiye mwini tsikulo. Cotero mukamva ndikunena kuti 6–3, ndiko kuti wina anatenga magemu 6, ndi mnzace magemu 3.

Masewerawa ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndiyo ya mmodzi ndi mmodzi, pa bwalo la mapazi 27 m'lifupi. Yaciwiri ndiyo ya awiriawiri, akazi okhaokha kapena amuna okhaokha, ndipo pamenepo bwalo amalikuza kufikira mapazi 36. Yacitatu ndiyo yosakaniza, mwamuna ndi mkazi mbali ino, mwamuna ndi mkazi mbali inayo. Mipikisano ya tenisi njambiri pa dziko lapansi, koma yoposa yonse ndi inai: wa ku Australia, wa ku France umene amacitira ku Paris pa dothi lofiira, wa ku Wimbledon mu mzinda wa London umene amacitira pa udzu wometa, ndi wa ku America umene amacitira ku New York. Munthu akatenga cikho pa umodzi wa inaiyi dzina lace lalowa m'mabuku a mbiri.

Tsono tiyeni ku Holland, dziko limene eni ace amalicha Nederland, ndiko kuti dziko lotsika. Ndi dziko laling'ono la ku Ulaya, lacidikha, ndipo mbali ina yace njotsika koposa madzi a nyanja yamcere, kotero kuti anthu ace anamanga makhoma aatali a dothi ndi miyala ochinga madziwo. Betty Stöve anabadwira mu mzinda wa Rotterdam, doko lalikulu la dzikolo, pa 24 June 1945. Iyo inali nyengo yowawa. Pakati pa mzindawo panali patapasulidwa ndi mabomba a ndege za Germany m'mwezi wa May 1940, ndipo m'nyengo yozizira ya 1944 ndi 1945 kunagwa njala imene inapha anthu zikwizikwi. Dzikolo linamasulidwa mu May 1945, ndipo mwanayu anabadwa patangopita milungu yowerengeka. Anakula pamene anthu a kwao analikumanganso mzinda wao.

Mtsikanayu anakula nakhala wamtali, pafupifupi mapazi 6, wa mapewa aakulu ndi dzanja lamphamvu. Mpira wace woyambira unali waukali, ndipo ataumenya ankathamangira pafupi ndi ukonde kuti aumenyenso usanagunde pansi. Kasewero kotere kamayenerana ndi udzu, pamene mpira umaterereka msanga ndi kudumpha pang'ono. Koma kali ndi ngozi yace, pakuti womenya mwamphamvu amaphonyanso kawirikawiri, ndipo tsiku limene dzanja silikumvera malingo ace amaculuka.

Asanafike patali, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anagwidwa ndi nthenda yoopsa imene inasokonezanso kanyama kena ka pakhosi, kaja kamene kakatupa timati munthu ali ndi cithokomiro. Kanyamaka nkakang'ono, koma ndiko kamene kamalamulira kagundidwe ka mtima ndi umo thupi lisandutsira cakudya kukhala mphamvu. Kakasokonezeka, munthu amalefuka ngakhale asanagwire nchito. Betty anakhala miyezi 18 osasewera, ndipo anamlangiza kuti asadzagwirenso raketi konse. Taganizani za mlimi wa zaka makumi awiri ndi mphambu, amene amuuza kuti asadzagwirenso khasu. Koma iye atacira anabwerera pa bwalo, nayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo zonse zazikulu zimene ndikambe tsopano anazicita pambuyo pa nthendayo.

Pamene analikubwerera, masewera a tenisi analikusinthika. Kufikira 1968 mipikisano inai ija inali ya anthu osewera osalandira malipiro, ndipo amene anasankha kudyera tenisi sanali kuloledwa kulowamo. M'caka cimeneco khomo linatsegulidwa kwa onse, ndipo opambana anayamba kulandira ndalama poyera. Koma kagawidwe kace kanali kokondera. Ku Wimbledon m'caka ca 1968, Rod Laver amene anapambana pa amuna analandira £2,000, pamene Billie Jean King amene anapambana pa akazi analandira £750. Ku mipikisano ina kusiyana kwace kunaposa pamenepa. Ndipo muzikumbukira kuti wosewera tenisi salandira malipiro a pa mwezi monga mphunzitsi kapena kalaliki. Ulendo wa pa ndege alipira yekha, malo ogona alipira yekha. Akagonja tsiku loyamba abwerera ndi kangacepe, ndipo akadwala salandira kanthu. Mkazi wofuna kudya thukuta lace pa nchito imeneyi anali pa mabvuto ndithu.

M'caka ca 1970 akazi asanu ndi anai, motsogozedwa ndi Billie Jean King, anapangana ndi mai wina wofalitsa magazini ya tenisi, dzina lace Gladys Heldman, nasaina cipangano ca dola imodzi aliyense mu mzinda wa Houston ku America, kuti ayambe mipikisano yaoyao ya akazi. Ena anawatsata pambuyo pace, koma akazi onse sanali pamodzi. Ena anaopa akuluakulu a mabungwe a tenisi a m'maiko ao, ena anaganiza kuti aliyense adzionere yekha. Ndipo m'mwezi wa June 1973, kutatsala masiku owerengeka kuti mpikisano wa Wimbledon uyambe, Billie Jean King anaitana osewera akazi oposa 60 ku msonkhano m'cipinda cina ca Gloucester Hotel mu London. Iye anadziwa kuti nkhani ikafika pobvuta ena adzanyamuka nacoka mwakacetecete, monga zimacitikira pa misonkhano yonse ya anthu. Cotero anapempha Betty Stöve, mkazi wamtali ndi wamphamvu uja, kuti aime pa khomo, asatuluke munthu kufikira atamvana cimodzi. Betty anaima pa khomopo. Pakutha pa msonkhanowo bungwe la akazi osewera tenisi, lochedwa Women's Tennis Association, linali litabadwa. Billie Jean King anasankhidwa kukhala mtsogoleri wace woyamba, ndipo Betty anasankhidwa kukhala msungicuma.

Nchito ya pa khomo siichuka. Amene amalankhula kutsogolo ndiye amene anyuzi amamjambula. Koma inu amene munakhalapo pa msonkhano wa mudzi wokambirana zokumba citsime kapena zoumba njerwa za sukulu mudziwa kuti mau abwino sapindula kanthu anthu akabalalika cisanamangidwe cimodzi. Ndiponso anthu sapereka thumba la ndalama kwa munthu amene samkhulupirira. Betty anali wodziwa zinenero zingapo za ku Ulaya, ndipo pa gulu la akazi ocokera m'maiko osiyanasiyana munthu wotere ali ngati mlatho. Pambuyo pace anzace anamsankha katatu kukhala mtsogoleri wa bungwelo, ndipo anakhalanso mkazi woyamba kulowa m'komiti yoyendetsa bungwe la tenisi la dziko lonse lapansi, limene pa nthawiyo linkachedwa International Tennis Federation. M'caka comweco ca 1973 mpikisano wa ku America unayamba kulipira akazi ndi amuna mofanana. Wa ku Wimbledon unacedwa kufikira 2007, pamene Venus Williams anakhala mkazi woyamba kulandira kumeneko ndalama zolingana ndi za mwamuna. Mbeu imene inafesedwa m'cipinda cija inatenga zaka 34 kuti ice ku Wimbledon.

Tsopano tibwerere pa bwalo. Mphatso yeniyeni ya Betty inaonekera pa masewera a awiriawiri. M'caka ca 1972 cokha anatenga zikho zitatu mwa zinai zija: ku Paris ndi ku Wimbledon pamodzi ndi Billie Jean King, ndi ku New York pamodzi ndi Françoise Dürr wa ku France. Kapena wina adzati, kusewera awiri nkosabvuta, pakuti katundu agawana. Si tero ai. Pa masewera a mmodzi ndi mmodzi ukalakwa wadzilakwira wekha. Pa masewera a awiri ukalakwa wamgwetsa mnzako, ndipo iye akalakwa uyenera kumeza mkwiyo ndi kumlimbitsa mtima nthawi yomweyo, pakuti mpira wina ulinkudza. Mpira wodzera pakati pa awiriwo umafuna kuti adziwe msanga mwini wace, osalankhula. Akauthamangira onse awombana, akausiyirana onse upita. Mmodzi akasunthira kumanja, winayo ayenera kutseka mpata umene watsala kumanzere, monga anthu awiri osenza mtanda umodzi pa njira yokhotakhota.

Taonani anthu amene Betty anapambana nao. Billie Jean King wa ku America anali wacangu ndi wokonda kutsogolera. Françoise Dürr anali ndi mpira woyambira wofooka ndi kagwiridwe kacilendo ka raketi, koma anali wocenjera poika mpira pamene mdani sali. Martina Navratilova, wobadwira ku Czechoslovakia, anali wamanzere, wamphamvu, ndi wamng'ono kwa Betty ndi zaka 11. Wendy Turnbull wa ku Australia anali wamfupi ndi waliwiro kotero kuti anzace anampatsa dzina la Cingerezi lotanthauza kalulu. Ndipo pa masewera osakaniza mnzace anali Frew McMillan, mwamuna wa ku South Africa wobadwira ku Springs, amene ankagwira raketi ndi manja awiri mbali zonse, nabvala kapusi yoyera masiku onse. Anthu asanu a maiko asanu, a mitima yosiyana ndi kasewero kosiyana, ndipo aliyense wa iwo anatenga cikho cacikulu ali ndi Betty pambali pace. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Koma si cala ciriconse cimene cimadziwa kugwirizana ndi cinzace.

Tafika tsono pa caka ca 1977. Caka cimeneco cinali ca cikondwerero cacikulu ku Britain pa zifukwa ziwiri. Mfumukazi Elizabeth II inakwanitsa zaka 25 pa mpando, ndipo mpikisano wa Wimbledon, umene unayamba mu 1877, unakwanitsa zaka 100. Anthu a ku Britain analakalaka kuti mwana wa kwao atenge mbale ya akazi m'caka cimeneco, ndipo anali nao awiri oyembekezeka, Virginia Wade ndi Sue Barker. Betty anakwanitsa zaka 32 mpikisanowo uli m'kati, msinkhu umene osewera ambiri amakhala atayamba kutsika, ndipo akuluakulu a mpikisano anamuika pa nambala 7. Sanali munthu amene anthu anamuyembekeza.

Atatsala osewera asanu ndi atatu, Betty anakomana ndi Martina Navratilova, amene anali pa nambala 2, ndiponso anali mnzace weniweni wa pa masewera a awiriawiri pa mpikisano womwewo. Betty anamgonjetsa pa maseti atatu. Atatsala anai anakomana ndi Sue Barker, ndipo khamu lonse linali mbali ya Sue, pakuti linafuna kuti pa tsiku lotsiriza pakhale ana a ku Britain okhaokha. Betty anamgonjetsanso, 6–4, 2–6, 6–4. Mbali inayo Virginia Wade anagonjetsa Chris Evert wa ku America, amene anatenga mbaleyo caka capitaco. Virginia ameneyu, ngakhale anabadwira ku England, anakulira ku Durban, kumene atate wace anali mkulu wa mpingo wa Anglican, ndipo tenisi anaiphunzirira komweko. Anali atayesa ku Wimbledon caka ndi caka kuyambira 1962 osafika pa masewera otsiriza.

Tsiku lace linali Lacisanu, pa 1 July 1977. Mfumukazi, imene sinali kubwera ku Wimbledon kawirikawiri, inakhala pa mpando waulemu, ndipo m'bwalo munali anthu pafupifupi 14,000. Mwa onsewo ofunira Betty mwai anali owerengeka. Iye akamenya mpira wabwino anthu ankaomba m'manja mwaulemu. Akaphonya bwalo lonse linkasekerera. Ndi cinthu colemetsa mtima kudziwa kuti kulakwa kwako ndiko cimwemwe ca anthu onse okuzinga. Komabe Betty anatenga seti yoyamba, 6–4, ndipo mantha anagwira khamulo. Pamenepo Virginia analimba mtima nayamba kubweza mipira yonse molunjika, ndipo dzanja la Betty linayamba kuphonya. Virginia anatenga seti yaciwiri 6–3, ndi yacitatu 6–1. Mfumukazi inatsikira pa udzu nipereka mbale kwa Virginia, khamu lonse likuimba nyimbo yomtamanda, phokoso lace losamvetsa ngakhale mau a Mfumukazi. Betty anaimirira pambali, nadikira mwaulemu kufikira mwambo unatha.

Munthu wina akadapita kukadzitsekera m'nyumba. Koma Betty anali ndi anthu awiri omdikira, pakuti anali atafikanso pa masewera otsiriza a awiriawiri ndi a osakaniza. Anatuluka ndi Martina Navratilova, yemwe uja anamcotsa pa mpikisano masiku apitawo, ndipo anagonja kwa Helen Cawley wa ku Australia ndi JoAnne Russell wa ku America, 6–3, 6–3. Anatulukanso ndi Frew McMillan kukomana ndi Bob Hewitt ndi Greer Stevens, osewerera South Africa. Anatenga seti yoyamba monga anacitira pamaso pa Mfumukazi, koma anagonja 3–6, 7–5, 6–4. Makomo atatu anatseguka pamaso pace, ndipo onse atatu anatsekeka iye ali pakhomo.

Apa ndipo pamene ambiri amalekera nkhaniyi. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Kuti munthu agonje pa masewera otsiriza atatu ayenera kuyamba wafika pa onse atatu, ndiko kuti pa milungu iwiri anasewera masewera oculuka koposa mkazi wina aliyense pa mpikisanowo, napambana onse kupatula atatu otsirizawo. Mwa akazi a ku Holland, mmodzi yekha ndiye anatengapo cikho cacikulu pa masewera a mmodzi ndi mmodzi, ndiye Kea Bouman, ku Paris m'caka ca 1927. Ndipo kufikira caka ca 2025 panalibe mkazi wina wa dzikolo amene anafika pa tsiku lotsiriza la mmodzi ndi mmodzi ku Wimbledon koma Betty yekha. M'caka ca 1977 anawerengedwa wacisanu pa akazi onse a dziko lapansi, ndipo panapita zaka 42 kuti mkazi wina wa kwao, Kiki Bertens, apitirire pamenepo ndi kufika pa nambala 4 mu 2019.

Ndiponso taonani cimene cinacitika patangopita miyezi iwiri. Mu September 1977, ku New York, Betty anafika pa anai otsiriza pa masewera a mmodzi ndi mmodzi, nagonja kwa Chris Evert. Koma pa masewera a awiriawiri anatenga cikho pamodzi ndi Martina, ndipo pa osakaniza anatenga cikho pamodzi ndi Frew McMillan. Anthu omwe aja anagonja nao ku London ndiwo anapambana nao ku New York. Panalibe wotaya mnzace kapena womloza cala. Caka cotsatira, 1978, iye ndi McMillan anabwerera ku Wimbledon natenga cikho cimene cinawapulumuka, pogonjetsa Billie Jean King ndi Ray Ruffels 6–2, 6–2, natenganso ca ku New York. Mu 1979 anapambana ku Paris ndi ku New York pamodzi ndi Wendy Turnbull. Ndipo mu 1981, ali ndi zaka 36, iye ndi McMillan anapambananso ku Wimbledon pogonjetsa John Austin ndi mlongo wace Tracy Austin. Zikho zace zazikulu zonse pamodzi zinakwana 10: za awiriawiri 6, ndi za osakaniza 4. Mwa zimenezi, 7 anazitenga pambuyo pa mlungu wacisoni uja.

Mphamvu za thupi zitayamba kucepa, Betty analowa nchito ina ya anthu awiri, ndiyo ya uphunzitsi. Kuyambira 1980 kufikira 1990 anaphunzitsa Hana Mandlíková, mtsikana wa ku Czechoslovakia wa luso lodabwitsa koma wa mtima wosakhazikika, amene tsiku lina ankagonjetsa ngwazi, ndi tsiku linzace nkugonja kwa munthu wamba. Aphunzitsi amene mulikumvera mumdziwa mwana wotere. Sasowa nzeru, asowa munthu wodekha womuimirira pambali zaka zambiri. Pa zaka khumi zimenezo Hana anapambana ku Paris mu 1981, ku New York mu 1985 pogonjetsa Chris Evert ndi Martina Navratilova motsatana, ndi ku Australia mu 1987. Koma mbale ya ku Wimbledon inamkana iyenso: anafika pa tsiku lotsiriza mu 1981 ndi mu 1986, nagonja kawiri konse.

Nkhaniyi ili ndi mcira wace. Hana ataleka kusewera anakhala nayenso mphunzitsi, naphunzitsa mtsikana wa kwao dzina lace Jana Novotná. Jana anafika pa tsiku lotsiriza ku Wimbledon mu 1993, ndipo atatsala pang'ono kugonjetsa Steffi Graf mantha anamgwira, nagonja, nalira misozi pamaso pa anthu onse. Anafikanso mu 1997, nagonja kwa Martina Hingis. Anabweranso mu 1998, ndipo ulendo uno anagonjetsa Nathalie Tauziat wa ku France nanyamula mbale ija. Zinali zitapita zaka 21 cigonjere Betty pa udzu womwewo. Sindikunena kuti mbaleyo inali ya Betty. Inali ya Jana, amene anaikhetsera thukuta. Koma wophunzira wa wophunzira wako ndiye mdzukulu wako pa nchito, ndipo wobzala mtengo wa mango sadandaula pamene adzukulu ndiwo akudya zipatso.

Nanga ife titengepo ciani pa mbiri ya mkazi wa dziko lakutali cotere? M'kalasi la ana makumi anai woyamba amakhala mmodzi. Pa mpikisano wa liwiro wodula cingwe amakhala mmodzi. Ngati tiphunzitsa ana athu kuti ulemu uli pa nambala 1 pokha, ndiye kuti onse otsalawo tawauza kuti nchito yao njacabe, ndipo ambiri adzaleka kuyesa. Inu aphunzitsi, pa bwalo la mpira wamanja musatame woponya m'goli yekha. Muchulenso dzina la mtsikana amene anampatsira mpirawo, ndi la uja amene mnzace ataphonya sanamkalipira. Inu makolo, mwana akabwera kunyumba ali waciwiri, kapena atalephera mayeso amene anawakonzekera ndi mtima wonse, musamfunse za kugonjako kokha. Muyang'ane cimene adzacita m'mawa mwace, pakuti khalidwe la munthu limaonekera pamenepo. Ndipo mwana wamkazi akaonetsa mphatso ya masewera musamletse ponena kuti nza amuna. Akazi aja a m'cipinda ca hotela anauzidwa zomwezo, ndipo anayankha mwa kumanga bungwe limene likali ndi moyo patapita zaka zoposa 50.

Ndinalonjeza kuti muweruza nokha. Mbali ino kuli masewera atatu otayika pa mlungu umodzi. Mbali inayo kuli nthenda imene anaigonjetsa, zikho 10 zotengedwa ndi anzace asanu, bungwe limene analisungira khomo ndi thumba, ndi wophunzira amene anamlera zaka khumi. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Denga likakwera, anthu odutsa amayamika mwini nyumba, ndipo maina a osenza saachula. Koma mwini nyumba amawadziwa onse, ndipo pomanga nyumba ina ndiwo amene amayamba kuwaitana. Billie Jean King, Martina Navratilova ndi Frew McMillan anali ngwazi zokhoza kusankha mnzao aliyense pa dziko lapansi, ndipo anasankha Betty Stöve.